35 kwa 35 si theka la ekala: masamu amene angakupulumutseni pa lendi ya dimba ndi pa ganyu

Madzi akangoyamba kuphwa m'mbali mwa Shire, nkhani imene imatentha kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Marka ndi ya madimba. Wina akufuna pobzala chimanga, wina mbatata, wina nyemba. Achinyamata ambiri tilibe malo athuathu, ndiye timachita lendi. Ndipo pokambirana lendi pali mawu amene amamveka kawirikawiri: "Ekala ndi mapazi 70 kwa 70. Iwe ukufuna theka eti? Basi tiyeze 35 kwa 35."

Zimamveka bwinobwino, chifukwa theka la 70 ndi 35 ndithu. Anthu amagwirana chanza, ndalama n'kuperekedwa. Komatu malo a 35 kwa 35 si theka la ekala. Ndi kota. Wochita lendiyo walipira theka koma walandira gawo limodzi mwa magawo anayi.

Nthawi zambiri palibe amene wabera mnzake dala. Mwini malo amakhulupirira kuti wayeza chilungamo, wobwereka nayenso chimodzimodzi. Chavuta ndi kamasamu kakang'ono kamene tidakasiya ku pulayimale: kuchulukitsa, sikweya ndi sikweya ruti. Tiyeni tikatolenso, chifukwa kuno kuchigwa kamasamu kameneka ndi ndalama.

Tiyambire pa matebulo

Ambiri tikamva za matebulo timakumbukira kuimba m'kalasi, aphunzitsi ali chilili ndi kamtengo m'manja. Zinkaoneka ngati phiri. Kuyambira 1 × 1 mpaka 10 × 10 pali mayankho 100. Koma onani mmene phirilo limaphwera.

Choyamba, 7 × 8 ndi chimodzimodzi 8 × 7. Mizere 7 ya mapando 8 ndi mizere 8 ya mapando 7, mbewu zake n'zofanana, 56. Mukadziwa zimenezi, mayankho oti muloweze amatsika kuchoka pa 100 kufika pa 55.

Chachiwiri, tebulo la 1 ndi la 10 aliyense amalidziwa. La 2 n'kungophatikiza nambala ndi inzake yomweyo. La 5 ndi theka la tebulo la 10: ngati 8 × 10 ndi 80, ndiye kuti 8 × 5 ndi 40. Mukachotsa matebulo anayi amenewa mumatsala ndi mayankho 21 okha.

Chachitatu, la 9 lili ndi njira yachidule: chulukitsani ndi 10 kenako chotsani kamodzi. 7 × 9 ndi 70 kuchotsa 7, yankho 63. Likachoka limeneli, otsala ndi 15 basi. Kuloweza awiri pa tsiku, sabata ikamatha mwatsala ndi limodzi.

Njira yochulukitsa ndi nambala yosavuta kenako n'kuchotsa imagwiranso ntchito pamsika. Tiyerekeze mwabweretsa chitowe pa sikelo ya venda ku Ngabu kapena ku Bangula, chakwana makilo 47, ndipo mwagwirizana K1,200 pa kilo. Musalimbane ndi 47. Tengani 50 × 1,200, ndi K60,000. Chotsani makilo 3, omwe ndi K3,600. Yanu ndi K56,400. Mwaidziwa venda asanamalize n'komwe kudina kakyuleta yake.

Sikweya n'chiyani?

Sikweya ndi nambala yochulukitsidwa ndi iyo yomwe. 3 × 3 ndi 9, 4 × 4 ndi 16, 5 × 5 ndi 25. Dzinali likuchokera ku maonekedwe a malo amene mbali zake zonse zinayi n'zofanana ndipo makona ake ndi owongoka. Chipinda cha mamita 4 mulitali ndi mamita 4 mulifupi, mutachidula timabokosi ta mita imodzi kwa mita imodzi, mupeza timabokosi 16. N'chifukwa chake timati chipindacho ndi masikweya mita 16.

Apa ndiye pagona nkhani. Kutalika kwa mbali timayeza ndi mapazi kapena mamita. Koma kukula kwa malo ndi chiwerengero cha timabokosi tija, ndipo timatipeza pochulukitsa mulitali ndi mulifupi. Chimanga sichimera m'malire mokha ayi, chimamera m'timabokosi tonse ta m'kati.

Masikweya oyenera kukhala pamutu ndi awa: 1, 4, 9, 16, 25, 36, 49, 64, 81, 100, 121, 144. Amenewo ndi a 1 mpaka 12. Mukawadziwa, akuluakulu ndi ongowonjezera maziro. 7 × 7 ndi 49, ndiye 70 × 70 ndi 4,900. 5 × 5 ndi 25, ndiye 50 × 50 ndi 2,500.

Manambala othera ndi 5 alinso ndi chinsinsi chake. Tengani nambala yakutsogolo, ichulukitseni ndi yotsatira yake, kumapeto lembani 25. Pa 35 × 35, chitani 3 × 4, ndi 12, kenako 25, yankho 1,225. Pa 65 × 65, chitani 6 × 7, ndi 42, kenako 25, yankho 4,225. Yesani 45 × 45 panokha musanatsegule foni.

Tsopano tibwerere kudimba

Ekala ya mapazi 70 kwa 70 ili ndi timabokosi 4,900. Theka lake ndi 2,450. Malo a 35 kwa 35 ali ndi timabokosi 1,225 tokha. Gawani 4,900 ndi 1,225, mupeza 4. Ndiye kuti m'ekala imodzi mungalowe malo anayi a 35 kwa 35.

Ngati zikuvuta kukhulupirira, jambulani pansi ndi kamtengo. Jambulani bokosi lalikulu, lidulani pakati chotsika, lidulaninso pakati chopingasa. Mwadula mbali iliyonse pakati, koma zidutswa zatuluka zinayi osati ziwiri.

Tiike ndalama kuti zipweteke bwino. Tiyerekeze lendi ya ekala ndi K60,000. Theka likhala K30,000, kota K15,000. Munthu amene walipira K30,000 n'kuyezeredwa 35 kwa 35 wataya K15,000 asanakhome khasu pansi. Ndipo sizithera pomwepo. Agula mbewu ndi feteleza zowerengera theka la ekala, ayembekezera matumba a theka la ekala, kenako pokolola ayamba kunamizira nyongolotsi, dzuwa kapena ufiti wa oyandikana nawo.

Theka lenileni la ekala limayezedwa podula mbali imodzi yokha: 35 kwa 70, zomwe zikupereka 2,450.

Lamulo lake ndi ili. Mbali zonse zikachepa ndi theka, malo amatsala kota. Mbali zonse zikawirikiza kawiri, malo amakula kanayi. Zikawirikiza katatu, malo amakula ka 9.

A ganyu, izi ndi zanu

Msampha womwewu umagwira opalira ndi osakula. Tinene kuti dzulo mudapalira ndime ya mapazi 10 kwa 10 pa K1,500. Lero mwini munda akuti, "Ndime ya lero ndi 20 kwa 20, ndiye poti yawirikiza ndikupatsa K3,000." Musathamangire kuvomera. Ya dzulo inali timabokosi 100. Ya lero ndi 20 × 20, timabokosi 400. Ntchito yakula kanayi, ndiye pa mtengo wa dzulo malipiro ayenera kukhala K6,000. Ndi kutentha kwa kuno, kumene dzuwa la 9 koloko m'mawa limakhala ngati la masana, kugwira ulere theka la ntchito si nthabwala.

Sikuti mukayambane ndi akuluakulu ayi. Pali kanenedwe kake: "Pepani bambo, tiyeni tiwerengere limodzi. Mu ndime iyi mukulowa ndime za dzulo zija zinayi." Kenako yezani pamodzi, aone okha. Munthu akaona ndi maso ake savuta ngati mmene amavutira ukangomuuza kuti walakwitsa.

Eni minda nanunso zikukhudzani. Mukanena kuti "ndime ya lero ndi yaing'ono, 15 kwa 15 m'malo mwa 20 kwa 20, ndingochotsako pang'ono," dziwani kuti 225 ndi pafupifupi theka la 400.

Nanga sikweya ruti?

Dzina lokha ndi limene limaopsa. Sikweya ruti ndi ulendo wobwerera. Pa sikweya timadziwa mbali, n'kumafuna kukula kwa malo. Pa sikweya ruti timadziwa kukula kwa malo, n'kumafuna mbali. Funso lake n'lakuti: ndi nambala iti imene ndikaichulukitsa ndi iyo yomwe indipatsa nambala iyi? Sikweya ruti ya 49 ndi 7. Ya 144 ndi 12. Ya 10,000 ndi 100, ndipo n'chifukwa chake hekitala, yomwe ndi masikweya mita 10,000, imayezedwa mamita 100 kwa 100.

Nambala ikakhala yosagwera ndendende, timaipanikiza pakati pa masikweya awiri. Mukufuna theka la ekala koma la mbali zofanana? Mukufuna nambala imene ikupatseni 2,450. Yesani 49 × 49, ndi 2,401, yachepa pang'ono. Yesani 50 × 50, ndi 2,500, yapitirira pang'ono. Ndiye kuti yankho lili pakati pa 49 ndi 50. Choncho theka la ekala ndi pafupifupi mapazi 50 kwa 50, osati 35 kwa 35.

Ngakhale 70 amene timangomutchula uja adabwera mwa njira yomweyi. Ekala yeniyeni ndi masikweya yadi 4,840. 69 × 69 ndi 4,761, pamene 70 × 70 ndi 4,900. Nambala yosavuta kukumbukira yoyandikira kwambiri ndi 70. Ndiye amene amati ekala ndi 70 kwa 70 akugwiritsa ntchito sikweya ruti, angakhale sadaimvepo.

Phazi la ndani?

Apa pali vuto lina. 70 uja ndi wa mayadi, ndipo yadi imodzi ndi masentimita 91 ndi kanthu pang'ono. Mayadi 70 ndi mamita 64. M'mamita, ekala ndi masikweya mita 4,047, ndipo 64 × 64 ndi 4,096, zomwe zikuyandikira ndithu.

Koma mapazi a anthu safanana. Woyeza akamaponda mofupikitsa, tinene masentimita 80 pa phazi, mapazi 70 akhala mamita 56 okha. 56 × 56 ndi 3,136. Kuchoka pa 4,047 pasowa masikweya mita 911, pafupifupi kota ya ekala. Taonani: phazi lafupika ndi masentimita 11 okha, koma chifukwa kufupikako kwachitika mbali ziwiri, malo otayika ndi ambiri.

Zimathekanso mbali inayo. Wobwereka wamtali akamatambasula miyendo mita yathunthu, 70 kwa 70 ikhala masikweya mita 4,900. Mwini malo waperekapo masikweya mita oposa 850 aulere.

Mankhwala ake ndi otchipa. Pezani chingwe, chiyezeni ndi tepi ya amisiri omanga kapena ya atelala, mumange mfundo pa mamita 10 aliwonse. Ekala ndi mamita 64 kwa 64. Theka ndi 32 kwa 64, kapena 45 kwa 45. Kota ndi 32 kwa 32. Chingwe sichikondera mbale.

Enanso amati ekala ndi bwalo la mpira. Samalani. Bwalo la muyezo wa masewero akuluakulu limakhala mamita 105 kwa 68, omwe ndi masikweya mita 7,140, kuposa ekala ndi theka. Mabwalo a m'masukulu mwathumu ndiye aliyense ndi kukula kwake.

Minda yambiri, makamaka ya m'mbali mwa mtsinje, si yowongoka ngati bokosi. Ngati kumtunda kuli mamita 60, kumunsi 40, ndipo kuchoka kumtunda kufika kumunsi ndi mamita 50, phatikizani 60 ndi 40, gawani pawiri, mupeza 50. Chulukitsani ndi 50 winayo, ndi 2,500. Munda wokhotakhota kwambiri udulani m'zidutswa, werengerani chilichonse pachokha, kenako phatikizani.

Poloti ndi nyumba

Pa Dyeratu, pa Nchalo, pa Bangula ndi pa boma la Nsanje anthu akumanga. Ena ndi amene adasamuka m'malo otsika madzi atawaononga mu 2015, pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023. Apanso masamu omwewa akufunika.

Tengani mapoloti awiri. Ina ndi mamita 20 kwa 20, ina 10 kwa 30. Mukazungulira malire, iliyonse ndi mamita 80, ndipo mpanda wake udya njerwa zofanana. Koma yoyamba ndi masikweya mita 400, yachiwiri 300. Ya 5 kwa 35 nayonso kuzungulira ndi 80, koma m'kati muli 175 basi. Choncho wina akakuyendetsani m'malire n'kumati "mwaona kukula kwake," musatengeke ndi kutopa kwa miyendo. Funsani mulitali ndi mulifupi, chulukitsani.

Poyala maziko, amisiri odziwa ntchito amagwiritsa ntchito 3, 4 ndi 5. Kuchoka pa kona amayeza mamita 3 mbali ina, mamita 4 mbali inayo. Ngati mtunda wa pakati pa nsonga ziwirizo uli mamita 5 ndendende, konayo yawongoka. Chifukwa chake ndi masikweya: 9 kuphatikiza 16 ndi 25, ndipo sikweya ruti ya 25 ndi 5. Ku sekondale lamuloli amalitchula ndi dzina la Pythagoras wa ku Greece, ngakhale anthu a ku Babulo ankalidziwa zaka zoposa 1,000 iye asanabadwe.

Mukhoza kuyesa nokha nyumba imene akukumangirani. Ngati ndi ya mamita 6 kwa 8, chingwe chochoka pa kona ina kudutsa pakati kukafika pa kona yopenyana nayo chiyenera kukhala mamita 10, chifukwa 36 kuphatikiza 64 ndi 100. Yezaninso makona awiri enawo. Zingwe ziwirizo zikasiyana, nyumba yapotoka, ndipo mudzazionera pokhoma malata. Kukonza chingwe ndi zikhomo n'kwaulere, kugumula khoma ndi ndalama.

Mahekitala akubwera

Wina anena kuti izi ndi za madimba ang'onoang'ono. Ayi ndithu. Ntchito ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme, imene ngalande yake ikuchokera ku Kapichira kulowera ku Bangula, cholinga chake ndi kuthirira mahekitala 43,370 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Kuti muone kukula kwake, amenewo ndi masikweya kilomita pafupifupi 434. 20 × 20 ndi 400, 21 × 21 ndi 441. Ndiye kuti malo onsewo atakhala pamodzi angakhale bokosi la makilomita pafupifupi 21 mbali iliyonse.

Mu ntchito imeneyi alimi akuphatikiza minda yawo kuti azilima pamodzi m'makopaletivi, monga adachitira alimi a nzimbe a ku Phata. Minda imayamba yayezedwa ndi kulembedwa motsatira lamulo la malo a makolo la 2016. Pamapepala amenewo salemba mapazi, amalemba mahekitala: 0.2, 0.4, 0.75. Nambala imeneyo ndi imene imaimira gawo la banja lanu.

Ndiye gogo akakupatsani pepala kuti "mwana wanga tandiwerengera," muzidziwa chochita. Chulukitsani ndi 10,000. Hekitala 0.4 ndi masikweya mita 4,000, pafupifupi ekala imodzi. Hekitala 0.2 ndi 2,000, pafupifupi theka la ekala, kapena kuti mamita 45 kwa 45. Hekitala yathunthu ndi maekala awiri ndi theka, kuchotsako pang'ono. Theka la hekitala ndi mamita 50 kwa 100, kapena 71 kwa 71, pamene 50 kwa 50 ndi kota. Ngati zolembedwazo zikusiyana kwambiri ndi zimene chingwe chanu chikunena, funsani ku komiti yoona za malo ya kwa gulupu wanu zinthu zisanapite patali. Paja safunsa adadya phula.

Nanga foni ili ndi ntchito yanji?

Funso limeneli libwera, tikudziwa. Inde, foni iliyonse ili ndi kakyuleta, ndipo pa mafoni ambiri amakono chizindikiro cha sikweya ruti, chooneka chonchi √, chimapezeka mukaigoneka chammbali kapena mukatsegula mabatani owonjezera. Gwiritsani ntchito, palibe choletsa.

Koma kakyuleta imayankha zimene mwaifunsa. Mukaifunsa theka la 70 ikuuzani 35, ndipo sinaname. Siingakuuzeni kuti funso loyenera linali theka la 4,900. Chala chikaterereka n'kuwonjezera ziro, siikuchenjezani. Amene amazindikira kuti yankho lapotoka ndi munthu amene ali kale ndi chithunzi cha yankho m'mutu, ndipo chithunzicho chimachokera ku matebulo ndi masikweya aja. Komanso tonse tikudziwa kuti batire limakonda kuthera pamene pali nkhani ya ndalama.

Manambala oti musunge, kaya pamutu kaya pa sitetasi, ndi awa:

Ekala: mayadi 70 kwa 70, kapena mamita 64 kwa 64.
Theka la ekala: mayadi 35 kwa 70 kapena 50 kwa 50, m'mamita 32 kwa 64 kapena 45 kwa 45.
Kota ya ekala: mayadi 35 kwa 35, kapena mamita 32 kwa 32.
Hekitala: mamita 100 kwa 100.
Kona yowongoka: 3, 4, 5.

Ndipo kwa amene muli ndi ang'ono anu ku pulayimale, musawasiye matebulo aziimba ngati nyimbo ya sukulu yokha. Atengeni kumunda, awerenge mizere ndi mapando, achulukitse, kenako awerenge chimodzichimodzi aone kuti zikugwirizana. Mwana amene wadziyezera yekha 10 kwa 10 ndi 20 kwa 20 ndi chingwe sadzaiwala kuti ina imalowa kanayi mwa inzake.

Nayi ntchito ya kunyumba. Mwini dimba akuti ekala ndi K80,000, ndipo wakuyezerani mamita 40 kwa 40. Mukuyenera kulipira zingati? Werengerani musanapite kukagwirana chanza.